Ndikufuna kuchita kafukufuku wa ma nanoparticle ojambulira m'thupi, ndiyambire pati ndili ku Lilongwe kuno?

Mphunzitsi wa ku Area 25 analemba:

Moni nonse. Ndine mtsikana wa ku Lilongwe konkuno. Ndinamaliza digiri ya chemistry, ndipo pano ndikuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 pasukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma. Kuphunzitsa ndimakukonda, koma mtima wanga uli pa kafukufuku, makamaka wa ma nanoparticle, timibulu tating'onoting'ono tija timene amabaya m'thupi kuti chotupa kapena mtsempha zioneke bwino pojambula.

Chinandikokera kumeneku ndi matenda a azakhali anga. Anapezeka ndi khansa ya bere, ndipo pa opaleshoni madokotala anachotsanso anabere ambiri a m'khwapa poopa kuti matenda afikako. Moyo wawo unapulumuka, tikuthokoza, koma mpaka lero mkono umatupa, sangathe kunyamula ndowa kapena kuchapa kwa nthawi yaitali. Kenako ndinawerenga kuti m'mayiko ena amabaya timibulu ta iron oxide pabere, timayenda n'kukaima pa mwanabere woyamba amene khansa ingafikeko, dokotala n'kuchotsa yekhayo kukamuyeza. Akapezeka kuti alibe matenda, enawo amawasiya. Kuyambira pamenepo nkhaniyi sinandichoke m'mutu.

Polojekiti yanga ya chaka chomaliza inali yopanga timibulu ta siliva ndi madzi a masamba a chammwamba. Madzi anasintha mtundu, tinayeza pa UV-Vis, makina oyezera kuwala kumene madziwo akumeza, tinalemba lipoti, n'kuthera pomwepo. Ndiye ndikufunsa amene munadutsa njira imeneyi: kodi ntchito yotereyi ingachitike kuno kwathu kapena mpaka kutuluka? Ngati n'kutuluka, masters yake ndikachite kuti, ndipo ndalama zake anthu amazipeza bwanji? Komanso ndikamaliza ndidzadya chiyani? Makolo anga akuti ndisataye nthawi, ndifunefune ntchito ya uphunzitsi m'boma kapena ndikachite za pharmacy. Sindikuwatsutsa, amandifunira zabwino, koma ndikufuna kumva kwa anthu amene anagwirapo botolo ndi manja awo.

Wa labu wa ku Likuni anayankha:

Achemwali, zikomo pofunsa momveka bwino chonchi. Ine masters ndi PhD ndinachitira ku South Africa, zonse ziwiri pa timibulu ta iron oxide, ndipo pano ndinabwerera, ndikuphunzitsa. Ndikuuzani mmene ndinazionera ineyo.

Kupanga timibuluti si ntchito yovuta. Ichi ndi chinthu chimene ndimafuna wophunzira aliyense amve tsiku loyamba. Mumatenga ferric chloride ndi ferrous sulphate, Fe3+ magawo awiri pa gawo limodzi la Fe2+, mumasungunula m'madzi, n'kuthira ammonia mukutakasa. Nthawi yomweyo madzi amada bii. Mukayandikiza maginito m'mbali mwa galasi, zakudazo zimathamangira komweko. Imeneyo ndi magnetite, ndipo njirayi René Massart anailemba mu 1981. Ta golide natonso n'chimodzimodzi: mumawiritsa chloroauric acid, mumathira sodium citrate, madzi amayera kaye, kenako amada, kenako amafiira. Ndi njira ya Turkevich ya mu 1951. Mwana wanu wa Fomu 4 wamanja abwino akhoza kuzichita.

Ntchito imayambira pa funso lakuti: chimene ndapangachi n'chiyani kwenikweni? Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a mita. Tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000, pamene kambulu ka magnetite kamene tikufuna kamakhala kosafika 20. Kakakhala kakang'ono choncho kamagwira maginito pokhapokha kali m'kati mwa mphamvu ya maginito ya makina ojambulira, akakachotsa kamasiya. N'chifukwa chake timibuluti sitimamatana tokha m'magazi. Kakakula pang'ono khalidwe limenelo limatha. Tsono diso silingakuuzeni kusiyana kwa ma nanomita 8 ndi 30, ndipo UV-Vis siyingakuuzeninso bwinobwino. Pamafunika TEM, maikulosikopu yamphamvu kwambiri, kuti muone kukula ndi maonekedwe ake, XRD kuti mudziwe mtundu wa kristalo, DLS kuti mudziwe kukula kwake kali m'madzi ndi chovala chake, zeta potential kuti mudziwe ngati tikhalabe totayana, ndi VSM yoyezera maginito. Mwa zaka zonse zimene ndinakhala m'labu, nthawi yochuluka inapita pa kuyeza, kudikira mzere wa makina, ndi kubwerezanso.

Tsiku limene ndinaimvetsa ntchitoyi ndi limene ndinatenga timibulu tanga, timene tinakhala bwinobwino m'madzi oyera kwa masabata, n'kutithira m'madzi amchere ofanana ndi a m'magazi. Pasanathe nthawi tinaundana ngati ufa wothiridwa m'madzi owira popanda mthiko, n'kumira pansi. Zoterozo mukazibaya mu mtsempha zikhoza kutseka timitsempha ta m'mapapo. Ndiye theka la luso lonse ndi kuveka kambuluko: dextran, citrate, PEG, silica. Ndipo ngakhale mukaveke bwanji, kakangolowa m'magazi mapuloteni amakakuta, maselo a m'chiwindi ndi m'kapamba amakameza. Mu 2016 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka khumi pa mbewa, n'kupeza kuti mwa timibulu tobayidwa m'magazi, tofika pachotupa tinali pafupifupi 0.7 peresenti yokha. Nkhaniyi inautsa mtsutso waukulu, koma inatithandiza kusiya kulonjeza zinthu zopitirira.

Mbiri ya malonda ake muidziwenso musanalowe. Feridex, mankhwala a iron oxide ojambulira chiwindi, anavomerezedwa ku America mu 1996, koma patadutsa zaka khumi ndi zingapo anasiya kupangidwa chifukwa sankagulidwa mokwanira. A iron oxide amene madokotala akumeneko amagwiritsa ntchito pa MRI lero ndi ferumoxytol, yemwe anavomerezedwa mu 2009 ngati mankhwala a kuchepa kwa magazi kwa odwala impso, osati ojambulira. Ndipo mu 2015 anamuikira chenjezo lalikulu chifukwa anthu ena thupi lawo limamukana mwadzidzidzi mpaka kuika moyo pachiswe. Ma quantum dot, timibulu ta mtundu wina, amene anapatsa Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Aleksey Ekimov mphoto ya Nobel mu 2023, amawala mokongola kwambiri pojambula maselo m'labu, koma odziwika kwambiri ali ndi cadmium, yemwe ndi poizoni, ndiye sanafike m'mitsempha ya odwala m'zipatala. Mapepala a kafukufuku ndi masauzande, mankhwala ofika pa bedi la wodwala ndi owerengeka ndi zala.

Zimene munawerenga zokhudza anabere n'zoona. Mankhwala ake amatchedwa Magtrace, anapangidwa ndi kampani ya Endomag ya ku Cambridge, ndipo ku America anavomerezedwa mu 2018. Dokotala amafufuza mwanabereyo ndi kachipangizo komva maginito. Njira yakale imagwiritsa ntchito technetium-99m, yomwe imatulutsa cheza ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, ndipo imachokera ku molybdenum-99 yemwe naye satha kusungika, theka lake limapita pa maola 66. Kufupi kwathu kuno amapangira ku Pelindaba, ku South Africa. Kwa dziko ngati lathu, chinthu chosatulutsa cheza choopsa, chosungika pa shelefu, n'chofunika kwambiri. Mwaona pamalo oyenera.

Tsono funso lanu lakuti kuno kapena kunja. Ine ndikuti masters mukachitire kunja, kumene kuli makina. Sindikunyoza masukulu athu. UNIMA ndi Mzuni amatulutsa anthu odziwa chemistry, MUST ndi MUBAS ali ndi maphunziro a biomedical engineering, ndipo ine amene anandiumba ndi aphunzitsi a konkuno. Koma pa ntchito iyi mumafunika kukhala pafupi ndi TEM, kupanga lero, kuona mawa, kukonza mkuja. Kutumiza sampulo kunja n'kudikira miyezi kumapha kafukufuku, poti pofika kumeneko magnetite ija yayamba kale kusanduka maghemite chifukwa cha mpweya.

Ku South Africa yang'anani Mintek ku Randburg, komwe kuli Nanotechnology Innovation Centre, amagwira kwambiri ndi golide. CSIR ku Pretoria ili ndi likulu la za nano. Ku Rhodes University kuli Pulofesa Tebello Nyokong, mayi amene anakulira ku Lesotho, ndipo ntchito yawo yogwiritsa ntchito kuwala polimbana ndi khansa inawapatsa mphoto ya L'Oréal-UNESCO mu 2009. Aphunzitsa ophunzira ambiri ochokera m'mayiko a mu Africa muno. Palinso masters ya nanoscience yomwe mayunivesite anayi amayendetsa pamodzi: Western Cape, Johannesburg, Free State ndi Nelson Mandela. Ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kuli NM-AIST. Za ndalama, Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Pali Commonwealth, DAAD ya ku Germany, MEXT ya ku Japan, Erasmus Mundus, ndipo pa PhD pali TWAS komanso OWSD yomwe ndi ya amayi okhaokha ochokera m'mayiko ngati lathu.

Posankha musayang'ane dzina la yunivesite, yang'anani labu. Funsani kuti makina ndi awo kapena obwereka, ophunzira amaloledwa kuwagwira okha kapena amangopereka sampulo pawindo, ndipo koposa zonse, kodi gululo limafika pa sikana? Malabu ambiri amalemba kuti timibulu tawo n'ta MRI koma sitinalowepo mu MRI ngakhale kamodzi. Amene amachitadi ntchitoyi amathira timibulu m'timachubu mosiyanasiyana kuchuluka kwake, amatiika mu agar, amajambula, n'kuwerengera r1 ndi r2, manambala osonyeza mphamvu yake yowalitsa kapena kudetsa chithunzi. Pepala likakhala lopanda manambala amenewo, dziwani kuti ndi chemistry chabe, kujambula kulibe.

Pa za chammwamba ndinene mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti anzanga ena sakondwa. Polojekiti yanu inali yabwino pophunzirira, ndipo muitchule polemba kalata. Koma m'madzi a masamba muli zinthu mazanamazana, zimasintha ndi nyengo ndi dothi, ndipo simungadziwe chimene chamatirira pakambulu. Palibe bungwe loona za mankhwala, kaya PMRA yathuyi kaya lina, limene lingalole chinthu chotero mu mtsempha wa munthu. Timachita zimenezi chifukwa masamba ndi aulere ndipo mankhwala ogula ndi odula, ndikumvetsa. Koma ngati cholinga chanu ndi cha azakhali aja, phunzirani njira zimene munthu wina angabwereze n'kupeza zofanana ndi zanu.

Wojambula odwala, Area 18, anayankha:

Mng'ono wanga, ine si wa chemistry. Ndine radiographer, ndagwira ntchito zaka zambiri pa X-ray ndi CT, ndipo ndinaphunzirako MRI. Ndawerenga zimene alemba a ku Likuni, ndaphunzirapo zambiri, koma ndikufuna ndikuonetse mbali ya kuchipinda chojambulira.

Mankhwala amene timabaya tsiku ndi tsiku kuti chithunzi chioneke ndi a iodine pa CT ndi a gadolinium pa MRI. Tisanabaye timafunsa kaye za impso, timafuna zotsatira za creatinine. Mu 2006 zinadziwika kuti gadolinium amatha kuyambitsa matenda oumitsa khungu ndi ziwalo mwa anthu amene impso zawo zafooka kwambiri, ndipo mu 2017 ku Ulaya anaimitsa mitundu ina atapeza kuti amatsalira mu ubongo. Odwala impso kuno ndi ambiri, a shuga, a BP, ena a HIV. Wodwala wotere akabwera timangomujambula popanda mankhwala, dokotala n'kumayesetsa kuwerenga chithunzi chosamveka. Ayironi thupi limamudziwa, limamusunga n'kupangira magazi. Ndiye ukamva anthu akufunafuna cholowa m'malo mwa gadolinium, vuto lake ndi limeneli, ndipo ine ndimaliona ndi maso.

Chimene ndikufuna uganizire ndi ichi. Makina a MRI m'dziko muno ndi owerengeka. Oyamba anafika ku Queens ku Blantyre mu 2008, a mphamvu ya 0.35 tesla, kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo wotsogozedwa ndi Dr Terrie Taylor. Ndi makina amenewo anapeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo amenewa ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kupanikiza malo oyendetsa kupuma, ndipo zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2015. Dziko lonse linaphunzira kuchokera ku Blantyre, ndi makina amene ena akanati ndi ofooka. Kenako kunabwera makina a Hyperfine, a 0.064 tesla, oyenda pa matayala, olumikiza pa soketi wamba ya magetsi, ndipo ku Queens agwiritsidwapo ntchito. Zipatala za kunja zimagwiritsa ntchito 1.5 kapena 3 tesla, ndipo mankhwala ambiri ojambulira anapangidwa poganizira makina amenewo. Pa makina a mphamvu yochepa zinthu zimasintha. Timibulu ta iron oxide, timene pa makina aakulu timadetsa chithunzi, pa makina aang'onowa timatha kuchiwalitsa. Kwa ife owerenga zithunzi kuwala n'kosavuta kuona kusiyana ndi kuda, chifukwa malo akuda akhoza kukhala magazi oundana, mpweya, kapena vuto la makina.

Ngati makina aang'onowa ndi amene adzafike m'zipatala za m'maboma, ku Dedza, ku Ntchisi, ku Mchinji, ndiye funso lakuti ndi kambulu kotani kamene kamagwira bwino pa 0.064 tesla ndi funso lathu kuposa la anthu a ku London. Ukamalembera mapulofesa, tchula zimenezi. Adzaona kuti sukungofuna ndege.

Chinanso, usanapite kulikonse, pempha chilolezo mwadongosolo kuti ukakhaleko masiku angapo ku dipatimenti yojambula, kaya ku Central kaya chipatala china. Ukaone mmene wodwala amagonera, nthawi imene zimatenga, mmene mayi wochokera kumudzi amaopera kulowa m'makina, mmene timasungira mabotolo kukatentha mu Okutobala. Ndaona anthu a kafukufuku akubwera ndi zinthu zofunika fuliji usana ndi usiku, osafunsa kuti magetsi akathima timatani.

Makolo ako usawakwiyire. Aona ana a anzawo ali ndi mapepala ambiri koma ali pakhomo. Uwafotokozere pang'onopang'ono, ndipo ntchito yakoyo usasiye mpaka kalata ya sikolashipu ili m'manja.

Bambo wa ku Kawale anayankha:

Aphunzitsi, ine ndikusiyana pang'ono ndi anzangawa, ndipo ndikunena ngati munthu amene wakhala akuyitanitsa mankhwala a m'labu kwa nthawi yaitali.

Walira mvula walira matope. Mukabwerera ndi PhD yanu, botolo lililonse lidzachokera kunja ndipo lidzalipiridwa ndi madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ndinaona anthu amene anapambana thandizo la kafukufuku m'makwacha, pofika nthawi yogula ndalama ija ikungokwana theka la katundu. Oda imatha miyezi ikudikira forex ku banki, ndipo mankhwala ena ndege sizilola kunyamula, amayenda pamsewu. Mpweya wa nitrogen, madzi oyeretsedwa kwambiri, zida zoyezera endotoxin (poizoni wa mabakiteriya), zonsezi ndi ndalama. Ndipo chinthu chobaya m'thupi chisanafike kwa munthu chimadutsa pa maselo, pa mbewa, pa nyama zina, pa makomiti ovomereza kafukufuku ngati NHSRC kapena COMREC, kenako magawo atatu oyesera pa anthu. N'zaka zoposa khumi ndi ndalama zimene ngakhale mayunivesite a ku Ulaya sakwanitsa okha popanda makampani.

Koma pali malo amene timibulu ta nano tili kale m'manja mwa Mmalawi aliyense. Mzere wofiira uja umatuluka pa kachipangizo koyezera malungo kuchipatala chaching'ono, pa zida zambiri ndi timibulu ta golide tomatiridwa ma antibody. Zida zimenezi timagwiritsa ntchito mamiliyoni chaka chilichonse, ndipo zonse n'zogula kunja. Luso lake ndi lomwelo mukufunalo: kupanga kambulu ka kukula kofanana, kukaveka, kumatirirapo puloteni popanda kuiwononga, kuona kuti sikawonongeka ndi kutentha. Kusiyana kwake n'kwakuti sikalowa m'thupi, ndiye njira yofika kwa wodwala ndi yaifupi. A Mintek amene atchulidwa aja ntchito yawo yaikulu ya golide ili komweku. Munthu wodziwa zimenezi angapeze malo ku mabungwe ngati MLW ku Blantyre kapena UNC Project konkuno, kapena mbali yoona za ubwino wa zida ndi mankhwala ku PMRA ndi MBS.

Sindikuti musiye loto lanu. Ndikuti posankha labu, sankhani imene ikuphunzitseni kumatirira ma antibody ndi kuyeza bwino, kuti mukadzabwerera muli ndi makasu awiri. Ntchito yolembedwa kuti wopanga ma nanoparticle ojambulira simudzaiona mu nyuzipepala ya kuno. Mudzakhala lekichara, kapena mudzadalira thandizo la kafukufuku lochokera kunja, kapena mudzatsalira komweko. Ambiri amene ndimawadziwa anatsalira, ndipo sindiwaweruza.

Mphunzitsi wa ku Area 25 analembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zoganizira usiku wonse. Amayi a ku Area 18, nkhani ya makina aang'ono ija sindinaiganizepo n'komwe, ndipo yandisangalatsa kuposa zonse. Bambo a ku Kawale, ndamva, ndipo za forex ndikuzidziwa chifukwa ngakhale kusukulu kwathu litmus yeniyeniyo timachita kudula pakati kuti ikwanire.

Achimwene a ku Likuni, ndifunsenso ziwiri. Chaka chino ndidakali kuno, ndingachite chiyani kuti pempho langa lisaoneke lopanda kanthu? Ndipo kalata yopita kwa pulofesa amene sandidziwa imalembedwa bwanji? Ndinalemberapo ena koma sanayankhe.

Wa labu wa ku Likuni anayankhanso:

Achemwali, zimene anena Bambo a ku Kawale ndi zoona zonse, ndimakumana nazo mwezi ndi mwezi. Pamene ndikusiyana nawo ndi pamodzi pokha. Sikuti aliyense wa m'ntchitoyi ayenera kufikitsa mankhwala pamsika. Munthu amene angayeze bwinobwino mmene timibulu ta kukula kosiyanasiyana timachitira pa makina a 0.064 tesla, m'timachubu chabe, popanda mbewa kapena wodwala, wachita kale ntchito imene ena adzamangirepo. Imeneyo ndi yotheka ndi ndalama zochepa, bola pakhale mgwirizano ndi labu yakunja yoyeza kukula kwake ndi chipatala chokhala ndi sikana. Amayi a ku Area 18 akupatsani mutu wa kafukufuku weniweni.

Za chaka chino. Yambani ndi masamu ndi kompyuta. Phunzirani ImageJ, ndi yaulere, ndipo ndi imene ambiri timayezera kukula kwa timibulu pa zithunzi za TEM. Tengani zithunzi za m'mapepala osindikizidwa, yezani timibulu mazana angapo, jambulani girafu, muone ngati mukupeza zimene olembawo ananena. Phunzirani Python pang'ono, yokwanira kukoka mzere pa manambala n'kutulutsa r1 ndi r2. Werengani mmene MRI imagwirira ntchito mpaka muthe kufotokozera ana anu a Fomu 4 kusiyana kwa T1 ndi T2, mitundu iwiri ya zithunzi za MRI, chifukwa a chemistry ambiri amagwa pamenepa pa intavyu. Mapepala ambiri otsekedwa amapezeka kudzera mu Research4Life m'malaibulale a mayunivesite athu, ndipo wolemba mukamupempha pepala lake mwaulemu nthawi zambiri amatumiza.

Ngati sukulu yanu ili ndi mchere wa ayironi ndi ammonia, pangani magnetite. Chitani pamalo opita mphepo, mutavala magalasi ndi magolovesi, chifukwa ammonia amawotcha maso ndi mphuno. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: kutentha, liwiro lothirira, kuchuluka kwa citrate. Thirani m'madzi amchere a 0.9 peresenti muone kuti zikutenga nthawi yaitali bwanji kuti zimire. Lembani zonse m'kope lokhala ndi madeti, ngakhale zimene zakanika, ndipo jambulani ndi foni. Musayese pa nyama kapena pa munthu, ngakhale pakhungu. Kope limenelo ndi umboni wakuti manja anu amadziwa ntchito ndiponso kuti mumalemba zoona.

Kalata ikhale yaifupi, yoti munthu awerenge pa foni ali pakati pa misonkhano. Ambiri sayankhidwa chifukwa amatumiza kalata imodzimodzi kwa anthu makumi awiri, yoyamba ndi kutamanda. Inu sankhani malabu ochepa. Werengani pepala limodzi laposachedwa la gululo mpaka kumapeto, ndipo m'kalatamo funsani funso lenileni lochokera m'pepalalo, mwachitsanzo ngati anayesapo timibulu tawo pa makina a mphamvu yochepa. Nenani kuti ndinu ndani m'mizere iwiri, zimene mwachita ndi manja anu, ndi sikolashipu imene mukufuna kufunsira pamodzi ndi tsiku lake lotsekera. Pulofesa akaona kuti ndalama mukuzifunafuna nokha ndipo kwa iye mukungofuna malo ndi kalata, kuyankha kumamupepukira. Ikanipo CV ndi transikiripiti. Pakadutsa masabata awiri kuli zii, kumbutsani kamodzi. Lemberaninso wophunzira wa PhD wa m'gululo, maina awo amakhala pamapepala, ndipo ndi amene angakuuzeni zoona za mmene labuyo ilili, ngati ndalama ya mwezi imakwana lendi, ndiponso ngati anthu amamaliza pa nthawi yake.

Pasipoti, transikiripiti ndi makalata a aphunzitsi anu akale yambani kuzitsata panopa, zimachedwa kuposa mmene mukuganizira. Ngati mukuyang'ana ku South Africa, mapepala anu ayenera kuunikidwa ndi SAQA, ndipo nazonso zimatenga nthawi. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Febuluwale, ndipo ena adzakufunsani ngati digiri yanu ya zaka zinayi ikufanana ndi honours yawo, ndiye khalani ndi lipoti la polojekiti ya chammwamba ija pafupi, mwina adzafuna kuliona. Mukalemba kalata yoyamba, itumizeni ku inbox kwanga ndiione musanaitumize.